Kabala ka pa chibwano cha mlonda

Mkazi wa mlonda atapeza magazi pa pilo kachitatu sabata imodzi, mtima unamuwira. Anavula nsalu ya piloyo n'kuiponya m'beseni, kenako anakaima pakhomo la bafa pomwe mwamuna wake ankameta ndevu.

"Bambo a mwana, mukumetanso pabalapo?"

"Ndikungodutsa m'mbali," anayankha mwamunayo, maso ali pagalasi.

Bodza lenileni! Lezala linali litasenda kale nkhanambo, ndipo magazi ankatsika kulowera m'khosi. Mwamunayo anatenga thonje, nalinyika mu sipiriti, n'kulikanikiza pabalapo mpaka misozi kulengeza. Mkazi wake anatsonya n'kuchokapo, poti akanakhalitsa akanalankhula zoti anthu oyandikana nawo nyumba amve.

Nkhani yake njokwiyitsa chifukwa inayamba ndi kanthu kosanunkha kanthu. Milungu isanu m'mbuyomo, waya wa pa geti la fakitale imene bamboyu ankalondera unamukanda pachibwano. Kabala kake kanali ngati njere ya mpunga, koti pa mwana kakanapola masiku anayi. Koma kampani yawo ya alonda inali ndi lamulo loti ndevu zisaoneke. M'mawa uliwonse alonda ankaima pamzere, ndipo kapitawo ankadutsitsa kakhadi pa tsaya la aliyense. Khadilo likangolira kuti khwee, munthu ankabwezedwa kunyumba, ndipo akabwezedwa katatu ntchito inkathera pomwepo. Bamboyu anali atabwezedwapo kale kawiri. Ndiye chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito, tsiku ndi tsiku ankatsegula yekha bala lomwe thupi linali litayamba kutseka. Akavala chisoti, lamba wa chisoticho ankakhalanso pabala pomwepo, n'kumakhula ndi thukuta tsiku lonse.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, pagetipo panali mlonda mnzake amene anzake ankamutchula kuti Katswiri, chifukwa panalibe matenda omwe sankawadziwira mankhwala. Munthu woti pakhomo la sukulu ya zachipatala sanadutsepo n'komwe!

"Achimwene, bala limafuna kuumitsa," ankatero Katswiri. "Muzipaka mankhwala otsukira mano. Zikakanika, tsegulani kapisozi muwazepo ufa wake. Mafinya akabwera, finyani mpaka atuluke magazi."

Bambo uja anachita zonsezo, osasiyapo n'chimodzi chomwe. Koma mkazi wake akanena zopita kuchipatala, yankho linali limodzi: "Mwamuna wamkulu ndikaime pamzere chifukwa cha kachiphuphu? Akandiseka."

"Akusekeni, bola mupole! Mawu a Katswiri mukumeza osatafuna, koma anga ine akukuwawani. Iyeyo ndi amene amachapa mapilo anu?"

Mawu onsewo ankangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Bala linakula kufika ngati batani la malaya, m'mphepete mwake mofiira, pakati ponyowa.

Lolemba lina m'mawa, bamboyu anadzuka mbali imodzi ya nsagwada itatupa. Thupi linali moto, mwanabere atatuluka m'khosi, ndipo pakamwa pankangotseguka pang'ono. Komabe, taonani munthu, anayamba kufufuza lezala! Mkazi wake anatenga yunifolomu yonse, malaya ndi thalauza lomwe, n'kuiviika m'ndowa ya madzi.

"Mwapenga kodi, mayi a mwana? Ndivala chiyani?"

"Muvala malaya a kutchalitchi, tikupita kuchipatala. Ntchito ikatha ithe. Ine sindinakwatiwe ndi geti!"

Kuchipatala anawalandira namwino wachikulire, wa magalasi olendewera pachifuwa. Anavala magalasiwo, anasamba m'manja, navala magolovesi, n'kuyamba kutsuka balalo ndi madzi amchere. Atachotsa zoyera zoumirira zomwe zinamatirira pamwamba, ananunkhiza thonjelo n'kukwinya nkhope.

"Bambo, awa si mankhwala a mano awa? Mano anu ali pachibwano?"

Mlonda anazyolika. Mkazi wake ndi amene anafotokoza zonse, kuyambira waya, lezala, sipiriti mpaka kapisozi, ndipo sanabise kalikonse ngakhale mwamunayo ankamutsina ndi maso.

Namwino anavula magalasi. "Zimenezi zimandipsetsa mtima, ndisakunamizeni. Bala ili silinakane kupola, inu ndi amene mwalikaniza. Thupi likayala khungu latsopano, inu mukulisenda ndi lezala, kenako mukuliwotcha ndi sipiriti. Khungu limeneli n'lanthete, silipirira zowawa ngati zimenezo. Tsopano majeremusi alowa mkati, ndipo kumaso si malo ochitira masewera. Kufinya kuja mumawakankhira mkati. Mukanachedwa masiku ena awiri tikanakugonekani."

"Ndimaopa ntchito, amayi," anatero mlonda chapansipansi. "Ndevu zikaoneka andichotsa."

"Nanga mukanagona m'chipatala mwezi wathunthu, geti likanakudikirani?"

Namwinoyo anamuyeza shuga, n'kufotokoza kuti bala losapola msanga nthawi zina limaulula matenda ena obisika. Mwamwayi shuga anali bwinobwino. Anafunsanso za katemera wa kafumbata popeza chinamukanda chinali waya, ndipo anamubaya jakisoni. Dokotala atabwera kudzaona, anatulutsa mafinya n'kulemba mankhwala akumwa.

"Mayi, mverani inu, poti mwaoneka kuti ndinu amene mumamva," anatero namwino. "Mankhwalawa amalize onse, ngakhale aone ngati wachira. Tsiku lililonse muzisamba m'manja ndi sopo, muzitsuka balali mofatsa ndi madzi owiritsa atazizira, n'kuphimba ndi bandeji yoyera. Mafinya akatha muzipakapo vaselini pang'ono chabe kuti pasang'ambike. Nkhanambo asatong'ole, lezala lisayandikire, lamba wa chisoti asakhudzepo. Mukaona kutupa kukukula, kufiira kukufalikira kapena thupi likutenthabe, bwerani tsiku lomwelo. Lachinayi ndikufuna ndimuonenso."

Kenako analemba kalata yoti bamboyu asamete ndevu kwa milungu itatu, n'kudindapo chidindo.

Lachitatu, kutupa kutayamba kuphwa, mlonda anapita kuntchito atanyamula kalata ija. Mkazi wake anamutsatira, chifukwa ankadziwa kuti akamusiya yekha kalatayo ikathera m'thumba. Anapeza alonda ali pamzere, kapitawo ali ndi kakhadi kake m'manja.

Kapitawo anawerenga kalatayo kamodzi n'kuipinda. "Palibe vuto. Kalata ya kuchipatala timalandira, lamulo limalola. Mukhala kaye ku ofesi yolembera alendo, kopanda chisoti. Bwanji simunanene kalekale?"

Basi. Nkhani yonse inathera pa mawu amenewo. Milungu isanu ya magazi pa pilo, sipiriti ndi misozi, kungosowa kapepala kamodzi komwe akanakatenga tsiku loyamba! Mlonda anaima kukamwa kuli yasa. Mkazi wake ndiye anaphulika.

"Bwanji sananene? Bwana, inu m'mawa uliwonse mumaima pafupi ndi nkhope imeneyi. Khadi lanu linkamva ndevu, koma maso anu sankaona mafinya? Munthu akuwola chibwano pamaso panu, inu n'kumati wameta bwino!"

Kapitawo anatsokomola, n'kulowetsa kakhadi kaja m'thumba. Mayiyo anatembenuka n'kuloza Katswiri, amene ankayesa kubisala kumbuyo kwa mnzake.

"Ndi inunso, adokotala a pa geti. Mankhwala a mano muzitsukira mano anu. Mukadzayesanso pa mwamuna wanga, mudzandidziwa."

Bala linatseka patatha milungu iwiri ndi theka, popanda china chilichonse koma mankhwala a kuchipatala aja, madzi oyera, bandeji ndi kulisiya pa mtendere. Ntchito sinathe. Koma pachibwanopo panatsala chipsera cholowa mkati, chosalala, pomwe ndevu sizimeranso. M'mawa uliwonse akamameta, lezala limachita kuzungulira malo amenewo, ndipo mkazi wake akamadutsa pakhomo la bafa salephera kuponyapo liwu.

"Pamenepo ndiye mwameta kamodzi n'kamodzi, bambo a mwana. Akapitawo sadzapezapo ndevu mpaka kalekale."

Mwamunayo amangogwira chipseracho ndi chala n'kuyang'ana pansi.

Phunziro: Kabala ka kumaso, ngakhale kachepe bwanji, kamafuna ukhondo ndi kukasiya kuti kapole. Tsukani ndi madzi oyera, phimbani, ndipo musamete, kutong'ola kapena kufinya pamalopo. Musapakepo sipiriti, mankhwala a mano kapena ufa wa m'kapisozi. Bala likatha milungu iwiri osasintha, kapena likatupa, kutuluka mafinya ndi kutenthetsa thupi, pitani kuchipatala msanga. Ngati lamulo la kuntchito likukulitsa bala lanu, tsegulani pakamwa n'kupempha kalata, chifukwa kukhala chete n'kumene kunamusiyira mlonda uja chipsera.