Besi ya Atate pa Chimbale Chatsopano

Atate anga akhala akuimba gitala ya besi kumbuyo kwa Akuluwo kuyambira ine ndisanabadwe. Akuluwo ndiye mwini bandi, woimba wa mawu okhuthala amene mpaka lero amadaya tsitsi kuti imvi zisamuyalutse. Atamva kuti achinyamata ayambanso kuvina fanki ndi nyimbo zachikondi zija zoyenda pang'onopang'ono, anati ajambula chimbale china.

Atate anasangalala ngati mwana. Koma nyamakazi inali itawapinda zala, moti mabatani a shati ndinkawamangira ndine.

Ku situdiyo ndinkawaperekeza. Mabandi akale amajambula onse pamodzi, chipinda chimodzi, akuyang'anana m'maso. Ng'oma ikathamanga atate ankatsalira m'mbuyo, kupunthwa apa, kupunthwa apo, thukuta lili kamukamu. Akuluwo ankangoti, "Zabwino, achimwene, zabwino kwambiri!" Ine zinkandidabwitsa, chifukwa munthu ameneyu sathokoza ngakhale umupatse madzi akumwa.

Chimbale chitatha anatitumizira. Mayo ine, besi yake! Yodumphadumpha, yachangu, yosaphonya ngakhale pamodzi. Ndinadziwa pompo kuti ife tikachoka ankaitana wina kudzafufuta za atate n'kuikapo zake. Koma atate anakhala pabalaza, misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga, wamva? Ndimati zala zanga zatha. Kani zilipo!"

Ndinangowapukuta kumaso.

Tsiku lokhazikitsa chimbale holo inadzaza masanasana. Atate anavala suti yawo ya ukwati. Pakhomo mtolankhani wa wailesi anawalozetsa maikolofoni, iwo n'kunena mokweza kuti, "Fanki ndi besi, bambo. Chimbale chimenechi ndachinyamula ndine!"

Akuluwo anali chapafupi, ndipo anamva. Anangomwetulira, mfiti yamunthu.

Nyimbo ziwiri zitadutsa, ine ndi atate titakhala pakati pa anthu oonerera, Akuluwo anaimitsa bandi. "Pali achimwene anga pano, akuti chimbale anachinyamula okha. Bwerani mutionetse, achimwene!"

Ndinawagwira atate jekete, anandikutumula. Akuluwo anawakoleka besi m'khosi, wang'oma n'kuyamba liwiro lenileni la pachimbale. Atate anayesa. Zala zinakana, zingwe zikungolira bwe, bwe, ngati chule. Anthu anayamba kuseka, ena akujambula pa foni. Akuluwo sanaimitse nyimbo msanga ayi, anawasiya avutike mpaka mutu unagwa.

Kenako anakodola munthu wina wowonda wa zipini m'makutu. Iye anavula besi m'khosi mwa atate ngati akuvula thewera la mwana, n'kuimba mzere womwe uja, ndendende mmene ulili pachimbale. Holo yonse inaimirira kuvina.

Ndinakwera kukawatsitsa. Tili pamasitepe anandinong'oneza.

"Nyimbo zonse ndi iyeyu?"

"Zonse, atate."

Anatsika sitepe imodzi, n'kuima.

"Ngakhale ija yoyenda pang'onopang'ono? Ija ndinaikwanitsa bwino ija?"

"Ngakhale imeneyo."