Lenti ya Mai Ursula

Pa Lenti ena amasala nyama, ena mowa. Mai Ursula a ku Chilobwe anaimirira pa limana, kagulu kawo ka Akatolika oyandikana nyumba, nkulengeza kuti iwo asala miseche masiku makumi anayi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mai amenewa paja nkhani ikawapeza mmawa, pofika masana imakhala itakwera minibasi nkukatsika ku Chigumula.

Koma tisawanamizire, anayesetsa. Masabata anayi athunthu ankati akafika pampopi amangopereka moni, kutunga, nkumapita milomo atafinya.

Ndiye Satana sagona, abale. Lachiwiri lina ali ku Limbe kosankha kaunjika, anangoona a Dalton, amuna awo a Mai Jacqueline apampando a limana, akutuluka mushopu atasenza matiresi. Pambuyo pawo kamtsikana kovala siketi yofiira kakuseka gwegwegwe. Mayo ine! Mai Ursula anabisala kuseri kwa lole ya kabichi nkuonerera zonse, mpaka awiriwo atakwera takisi.

Nkhani ija inawatentha m'mimba. Anayesa kuuza nkhuku zawo kuseri kwa nyumba, koma nkhuku siziyankha kuti "Inu, zoona?" ndiye sizinathandize. Anavutika zedi, moti Lachitatu anamanga mpango kukamwa nkumanama kuti dzino lawavuta.

Lachinayi limana linakumana kwa Mai Jacqueline komweko. Itafika nthawi yoti aliyense apereke pempho lake mokweza, nzeru inawagwera Mai Ursula. Kuuza munthu ndiye miseche. Nanga kuuza Mulungu?

"Ambuye," anayamba ndi mawu onjenjemera, "tikupempherera bambo wina, sindimutchula dzina. Wamfupi, wadazi, amayenda mokokera mwendo wakumanzere."

Maso a anthu anayamba kutseguka limodzilimodzi.

"Inu mukudziwa, Ambuye, kuti Lachiwiri cha m'ma leveni anali ku Limbe ndi kamtsikana ka siketi yofiira. Mukudziwanso za matiresi. Sanali aang'ono, Ambuye, anali a anthu awiri. Limbitsani mtima wa mai wa pakhomopo, amene watilandira bwino lero. Tikupemphani."

"Mutivomereze," anayankha anthu atatu okha, enawo kukamwa kuli yasa.

Mai Ursula anapuma mpweya wautali. Mtima unali mbee, ndipo mwa kuwerenga kwawo lonjezo linali likadali lamoyo.

Mai Jacqueline sanatsegule nkomwe maso. Anakonza chitenje, nkutsokomola pang'ono.

"Ambuye," anatero mofatsa, "tikuthokozani pofikitsa bwino mlamu wanga Daisy kuchokera ku Nsanje, amene wapeza malo pa sukulu ya unamwino. Dalitsani achimwene ake amene anakamugulira pogona. Daisy, tuluka kukhitchiniko, Ambuye akuone."

Anatulukadi mtsikana uja atanyamula thireyi ya makapu, nkugwada mwaulemu. Mphuno yake inali ya a Dalton yeniyeni.

"Tikupemphereranso mai wina, Ambuye, nanenso sindimutchula dzina. Anthu anamuona atanyonyomala kuseri kwa lole, tsamba la kabichi lili pamutu. Mai ameneyu anakulonjezani chinthu pamaso pa tonsefe. Wayesetsa, Ambuye, tonse taona. Koma lero wakutumani Inuyo kuti mumunyamulire miseche yake. Mukhululukireni, ndipo mumugwirire lilime, poti yekha lamukanika. Tikupemphani."

"Mutivomereze!" linayankha limana lonse, mpaka malata kulira. Ngakhale a Vitalis, mkulu wogontha amene amagona pa mapemphero aliwonse, anayankha nawo.

Mai Ursula analakalaka pansi patang'ambika. Manyazi anawagwira, komanso chisoni, poti anaona okha kuti ananamiza Mulungu ali chigwadire. Anthu atakhala chete, panamveka kamawu kamodzi kochedwa, kochokera kwa mai wowerama pakona.

"Mutivomereze."