Wosuntha Ndiye Alasidwa

Mayi wina anafika Lolemba m'mawa, Zelma akupukuta mipeni kuseri kwa nsanja. Analowera khomo lakumbuyo, la anthu a zisudzo, ndipo mphepo yachisanu inalowa naye limodzi n'kuulutsa mapepala a nyimbo amene anali pampando. Anali wamtali, wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kansalu kopyapyala kolendewera kuchipewa kanaphimba nkhope yake yonse. Analibe bokosi la zovala, analibe galu wovina, analibe ngakhale kachikwama.

Mdala Tierney, mlonda wa pakhomopo, sankalola ngakhale mphaka kudutsa osanena dzina. Koma ataona mayiyo anadzuka, anavula chipewa, n'kumupatukira osafunsa kanthu.

"Madala, mwavulira ndani chipewa?" anafunsa Solly Brenner, wanthabwala wa sabata imeneyo, buledi ali m'kamwa. "Ine ndadutsa pompa m'mawa wonse, mwangondiyang'ana ngati chitsa."

"Iwe ndidzakuvulira tsiku la maliro ako," anatero mdalayo. Koma sanaseke.

Mayiyo anakakhala pamdima, pafupi ndi zingwe zokwezera makatani, n'kupinda manja.

Lolemba linali tsiku la mantha m'nyumba iliyonse ya zisudzo ku Pennsylvania. M'mawa aliyense ankayesa nyimbo zake ndi a bandi, masana n'kuonetsa koyamba. Mwini nyumba akapanda kukondwa nawe, ankamatula zithunzi zako pakhomo lakumaso n'kudzakupatsa m'manja osanena mawu. N'chifukwa chake wanzeru sankapereka zovala kwa ochapa Lolemba lisanathe.

Sabata imeneyo ndandanda inkayamba ndi agalu ovala timadiresi, popeza galu sakhumudwa anthu akamafunabe mipando. Kenako anyamata oponya mbale m'mwamba, kenako Solly, bambo wolankhulitsa chidole, ndi asungwana oimba amene ankadzitcha pachibale ngakhale sankabwerekana ndi chipeso chomwe. Malo aulemu, otsala pang'ono kutsekera, anali a Valcourt Wamkulu ndi Corinna.

Corinnayo anali Zelma. Valcourt anam'peza akutsuka mbale m'nyumba yodyera ku Cleveland, manja atatupa ndi sopo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zelma ndi dzina la kukhitchini. Iwe ndiwe Corinna. Dzina limeneli ndinachita kulilota, ndipo lakhala likudikira iwe." Kuyambira tsiku limenelo ankaima chotsamira thabwa lalikulu, m'kati mwa chithunzi cha thupi lake chojambulidwa ndi utoto woyera, mipeni n'kumamera m'mbali mwake ngati mpanda. Sanauzepo munthu kuti mtima wake unkagunda kwambiri Valcourt akamuyang'ana kusiyana ndi mpeni ukamabwera.

Bwana Stroud, mwini nyumbayo, anatulukira ndudu yaikulu ili pakamwa.

"A Valcourt, panja ndalemba kuti mpeni womaliza muponya mutamangidwa m'maso. Anthu a kuno amakhala pansi pa nthaka sabata yonse akukumba malasha, denga likufuna kuwagwera. Munthu wotere simungam'dzidzimutse ndi mipeni yoponya mukuona."

"Mbali imeneyo ndinayamba ndaipumitsa, bwana."

"Ndiye idzutseni. Apo ayi, zithunzi zanu ndinangomata ndi kaulimbo pang'ono."

Valcourt anamwetulira kumwetulira kwake kwa pansanja. "Aona lero," anatero. Dzanja lake lamanja linali m'thumba la jekete.

Zelma ankadziwa chimene linkabisala m'menemo. Chiyambire chisanu, kapu ya khofi inkalira pambale yake Valcourt akainyamula, mpaka anayamba kumwera kumanzere. Sabata yatha mpeni wina unam'dula katsitsi pamwamba pa khutu. Onse awiri anakaona katsitsiko kakugwa, ndipo onse awiri anakhala chete.

"A Valcourt," ananong'ona bwanayo atachoka, "bwanji tingomuuza kuti nsalu yomangira m'maso tinaiwala ku Altoona?"

"Kuti akatibwerekere mpango wa mkazi wake?" Anam'yandikira, fungo la mafuta a tsitsi lake n'kum'kuta. "Corinna wanga, wayamba liti kundiopa?"

"Sindikuopani."

"Mpeni umanunkhiza mantha ngati galu. Lamulo lathu ndi lotani?"

"Wosuntha ndiye alasidwa."

"Basi." Anam'gwira pachibwano mwachikondi, ndi dzanja lamanzere.

Chakumasana Zelma anali yekha m'kachipinda kovalira, atavala kale diresi yoyera ya mikanda, akuzika duwa lofiira m'tsitsi. Duwa limenelo ndilo mpeni womaliza unkayenera kulikhomerera kuthabwa. Atakweza maso, anaona chinthu chakuda chitaima kumbuyo kwake m'kalirole.

"Likweze pang'ono. Amalifuna pamwamba pa khutu lamanja."

Mawuwo anali ofatsa, koma ankamveka ngati akutulukira mbali imodzi ya kamwa.

"Pepani mayi, mwasokera. Oimba aja ali chipinda chotsatira."

"Khofi akumwera dzanja liti masiku ano?"

Zelma anasiya kuzika duwa. "Sindikudziwa chimene mukunena."

"Ukudziwa, mng'ono wanga. Tamvera, nthawi ndi yochepa. Nsalu ija amaona pansi pake, zimenezo ngakhale agalu a kuno amadziwa. Maso ake alibe vuto. Koma ukaona kuti asanatenge mpeni womaliza wapukuta chikhatho pachifuwa, udziwe kuti dzanja lamukana, ndipo mwini wake wamva. Dzanja likamukana, mpeni umathawira m'kati. Ng'oma ikangoleka, ugwetsere mutu kumanzere."

"Ndisunthe?" Zelma anatembenuka. "Wakutumani ndani? Mukufuna ndim'chititse manyazi pamaso pa anthu, atipatse zithunzi zathu, malo athu atenge wina? Munthu ameneyu sanandilasepo!"

"Inde. Sanakulasepo."

"Lamulo limati wosuntha..."

"Lamulolo ndikulidziwa." Mayiyo anatambasula dzanja lovala golovesi, n'kulikweza duwa lija yekha, pamalo pake penipeni, ngati munthu amene zala zake zinazolowera. Kenako anatuluka. Nsapato zake sizinamveke.

Zelma anakhala akuyang'ana khomo. Akulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene ngati kalumoko n'kometera kapena n'kochekera pakhosi. Akasuntha, mpeni uli wolunjika bwino, ndiye kuti wanena pamaso pa nyumba yonse kuti Valcourt Wamkulu watha, ndipo maso aja sadzamuyang'ananso monga kale. Akapanda kusuntha... Anagwira tsaya lake. Linali losalala ndi lofunda.

Nyumba inadzaza ndi fungo la malaya a chisanu onyowa ndi mtedza wokazinga. Agalu anavina, mbale zinauluka n'kubwerera m'manja, kupatula imodzi. Solly anatuluka pansanja akupukuta thukuta.

"Chemwali, kunjako ndi kumanda," anauza Zelma. "Ndawapatsa nthabwala zanga zonse, akungondiyang'ana ngati ndinawabera mkazi. Amenewo akudikira magazi basi." Ataona nkhope ya Zelma anasiya. "Ndikuseka, iwe. Ndi ntchito yanga."

Chidole chinatukwana mwini wake, asungwana anaimba nyimbo ya msilikali wosabwerera, kenako nyali zinafiira.

Zelma anayenda mpaka pathabwa, anatambasula manja m'kati mwa mzere woyera, n'kumwetulira. Valcourt anaima patali, wamtali ndi wowongoka m'jekete lake lakuda, wokongola ngati tsiku loyamba lija. Mpeni woyamba unawala m'mwamba. Kha! Pambali pa bondo. Kha! Pambali pa chiuno. Kha! Pansi pa mkono. Thabwa linkanjenjemera kumsana kwake monga mwa masiku onse, ndipo mipeni inkamera pamalo pake. Zelma anayamba kupuma bwino. Mayi uja ndi wamisala, anaganiza choncho, kapena ndi wanjiru chabe.

Valcourt anaitana munthu wina wa kutsogolo, wogwira ntchito mumgodi, wa makwinya odzaza fumbi la malasha, kuti am'mange m'maso. Munthuyo anamanga mfundo yolimba anzake akum'kuwiza. Ng'oma inayamba kulira, pansipansi, mothamanga.

Patebulo panatsala mpeni umodzi. Valcourt anatambasula dzanja kuti autenge. Linaima m'malere. Kenako, pang'onopang'ono, ngati munthu wolumbira, analibweza n'kupukuta chikhatho pachifuwa.

Kodi sankatero masiku onse? Zelma anafufuza m'mutu mwake, tauni ndi tauni, nsanja ndi nsanja, koma anangopeza maso a Valcourt, popeza nthawi yonseyi ankayang'ana maso, osati manja. Lero masowo anali atabisika. Panatsala kamwa lokha, likumwetulirabe, ndi kadontho ka thukuta kakutsetsereka pansi pa nsalu.

Ng'oma inakwera. Pakona ya diso Zelma anaona chakuda chija chitaimirira pafupi ndi zingwe. Khosi lake linauma gwa, monga linaphunzitsidwira. Wosuntha ndiye alasidwa. Corinna sasuntha. Corinna sanasunthepo.

Ng'oma inaleka.

Zelma anagwetsera mutu kumanzere.

Kha!

Anamva mphepo yozizira ikum'pitira pakhutu. Duwa linagwa pansi lathunthu, osakhudzidwa. Wina wa kumipando ya m'mwamba anafuula, "Wochenjera mtsikanayo!" Chiseko chinaphulika, mapazi anagunda pansi, manja anawomba ngati mvula padenga la malata. Anthuwo ankayesa kuti zinakonzedwa choncho.

Katani itangogwa, Valcourt anang'amba nsalu kumaso. Nkhope yake inali yoyera ndi ukali.

"Wasuntha! Pamaso pa anthu onsewa, iwe wasuntha! Ndinakutola kuti, iwe? Ndinakutola..."

Ankayang'ana kuseri kwa phewa la Zelma. Naye Zelma anatembenuka. Mpeni uja unali utalowa m'thabwa mpaka theka, osati kunja kwa mzere woyera, koma m'kati mwake, pamalo pamene tsaya limatsamira.

Bwana Stroud anathamangira komweko akupukusa ndudu. "Chimenechi ndiye chinthu! Kuzinda kumeneko muzichita tsiku lililonse, mwamva? Sabata yonse!"

Valcourt sanamumve. Anayandikira thabwa, n'kukhudza chigwiriro cha mpeniwo ndi zala zonjenjemera, zimene tsopano sanazibisenso.

"Ambuye," ananong'ona. "Kachiwirinso?"

Zelma anamva mawuwo. Anayang'ana pafupi ndi zingwe, koma panalibe munthu. Anatola malaya ake a chisanu, n'kuwaponya pamwamba pa diresi ya mikanda, n'kuthamangira kukhomo lakumbuyo.

"Corinna!" anaitana Valcourt. "Corinna, bwerera!"

Mdala Tierney anali atatsegula kale chitseko. Anangoloza ndi chibwano.

Kunja dzuwa lamadzulo linali lofooka, ndipo chipale chofewa cha m'kanjira kaja chinali chitada ndi mwaye. Mayi uja ankayenda mosafulumira kulowera kusiteshoni. Zelma anam'peza pakona, pamene chikwangwani chachikulu chinamatidwa pakhoma la njerwa: mwamuna wa mipeni, mtsikana wa duwa, ndi mayina awiri a zilembo zofiira.

"Mayi! Dikirani. Munadziwa bwanji?"

Mayiyo anaima. Kenako anakweza kansalu kaja ndi manja onse awiri.

Mbali yamanzere ya nkhope yake inali yokongola mpaka lero. Kumanja, chipsera chokhuthala chinayambira pakona ya kamwa n'kukwera tsaya lonse mpaka pamwamba pa khutu, ndipo diso la mbali imeneyo linali lotsekeka mpaka kalekale.

"Ine ndinali womvera," anatero. "Ndinaona akupukuta dzanja, ndipo sindinasunthe."

Zelma anagwira khoma. Mikanda ya diresi yake inkazizira pakhungu ngati timiyala ta mumtsinje.

"Ndinu ndani, mayi?"

Diso limodzi lija linakwera n'kukakhazikika pa zilembo zofiira.

"Ndinaona chimenechi kusiteshoni, ndikudutsa ulendo wanga. Ndinayesa ndikuwerenga mwala wa pamanda anga. Kusintha mtsikana n'kosavuta, mng'ono wanga, kusiyana ndi kusindikiza zikwangwani zina." Anatsitsa kansalu kaja, nkhope n'kubwerera mumdima wake. "Theka la dzinalo anandipatsa mayi anga pondibatiza. Theka linalo anandipatsa iyeyo, kutchalitchi. Ndine Corinna Valcourt."