Nsalu ya Bambo Anselmo

Mayi Hermelinda anaimva kumsika, kwa wogulitsa mbatata: Bambo Anselmo avula mkanjo, akwatira namwino. Anayamba aseka kaye. Koma Lamulungu paguwa panali wansembe wina.

Mtima unawapweteka kwambiri. Nsalu ya m'khosi imene Bambowo ankavala pa Misa anapeta ndi iwowo, miyezi itatu, ndi ubweya wa nyama yotchedwa alipaka, maso mpaka kuchita chidima. Pansi pa dzina la Anselmo anapetapo mawu akuti "wansembe mpaka muyaya." Muyaya wakewo unangokwana zaka khumi ndi chimodzi basi.

Koma chowasowetsa mtendere chinali china. Malemu amuna awo, a Teodosio, anatha zaka makumi atatu osaponda m'tchalitchi chifukwa cha magazi amene anakhetsa nthawi ya nkhondo. Analapa atatsala madzi amodzi, ndipo wowamasula anali Anselmo yemweyu. Nanga ngati munthuyo mtima unali kale panja, chikhululukirocho chinagwira?

Mayiwo anakamupeza Anselmo kuseri kwa nyumba ya namwinoyo akuyanika chimanga, atavala chipewa ngati mlimi wamba. Moni sanapereke.

"Ndizikuitanani ndani tsopano? Bambo, kapena amuna a eni ake?"

Anselmo anazyolika, nati angoitana mmene angafunire.

"Za ukwati wanu ndilibe nazo ntchito. Ndabwerera a Teodosio. Chikhululukiro chawo chija mwachoka nacho?"

Anselmo analowa m'nyumba, natuluka ndi nsalu ija itapindidwa bwinobwino. Anati mawu a pansaluyo sankanena za iye ndi kale lomwe, kungoti ankachita manyazi kuwauza. Ansembe amafa, ena amathawa ngati iyeyo.

"Amene anamva a Teodosio tsiku lija ndi Yesu, mayi, ndipo satula unsembe. Akapulumutsa sasiyira panjira. Ine ndinali pakamwa chabe."

"Pakamwa pabodza," anatero Mayi Hermelinda, natsomphola nsaluyo.

Sanamukhululukire, ndipo sanafune n'komwe kuyesa. Atafika kwawo anakhala pakhomo, natenga singano. Anamasula dzina la Anselmo ulusi umodziumodzi mpaka panangotsala timabowo. Mawu enawo sanawakhudze.

Madzulo anakwera chitunda cha kumanda, mawondo akuwawa. Anakoleka nsaluyo pamtanda wa a Teodosio, naimanga mfundo ziwiri kuti mphepo isaichotse.