Makondomu M'bini ya Tsitsi

Mwini saluni anapeza paketi ya makondomu m'bini, itakwiririka ndi tsitsi lometa ndi zidutswa za meshi. Inali yosatsegula n'komwe. Anadziwa mwini wake.

Anali mng'ono wake, mtsikana wa zala zothamanga poluka tsitsi mpaka makasitomala anamutcha Kamphepo. Anabadwa ndi kachilombo ka HIV. Makolo atamwalira, mkulu wakeyu ndiye anamulera, n'kumamukumbutsa ma ARV mpaka atazolowera kumwa yekha osaphonya.

"Iwe, izi zikutani muno?"

"Ndataya, achemwali," anatero Kamphepo akupesa wigi. "Dzulo ndabayitsa katemera womaliza wa HPV. Pano ndine chitsulo! Ndamuuza kale wanga uja kuti za makondomu zatha. Zoyezetsa khomo la chiberekero nazonso sizikundikhudza."

Wake ujayo anali mnyamata wokonza mafoni tsidya la msewu, yemwe ankadziwa za kachilomboko ndipo ankafuna kumukwatira.

Mkulu wake anaona kuti thanzi limene analisamalira zaka zonsezi likupita m'bini, koma za katemerayu nayenso sankazidziwa bwino. Ndipo Kamphepo ukamukalipira, makutu amatseka.

Mwamwayi, kasitomala woyamba tsiku limenelo anali anamwino a kuchipatala komwe Kamphepo amalandira mankhwala. Anabwera kudzawongoletsa tsitsi. M'saluni munalibe wina aliyense.

"Ndiwafunse?" ananong'ona mkulu wake.

"Afunseni, mumve nokha," anayankha Kamphepo monyada, akuvala magolovesi.

Anamwino anamvetsera nkhani yonse mutu uli mbuu ndi mankhwala owongolera tsitsi. Kenako anafunsa, "Mwanawe, magolovesiwa wavaliranji?"

"Mankhwalawa amawotcha manja, amayi."

"Nanga akakudonthera m'diso, magolovesi akuthandiza?"

Kamphepo anaseka. "Ayi, ntchito yake ndi manja basi."

"Katemera nayenso ali ndi ntchito yake. Wachita bwino kwambiri kubayitsa. Amateteza ku mitundu ya HPV imene imayambitsa kwambiri khansa ya khomo la chiberekero, koma osati mitundu yonse. Sachiza kachilombo ka HPV kamene kanalowa kale m'thupi. Chindoko, chinzonono ndi mimba yosakonzekera sizimamuopa katemerayu. Komanso amayi amene ali ndi HIV ndiwo khansayi imawagwira mosavuta, choncho nthawi yoyezetsa ikakwana, uzipita."

Chipeso chinaima. Kamphepo anayang'ana pansi.

"Ndiye ndikamuuza chiyani? Aziti ndikumukayikira."

"Ukamuuze zomwe wamvazi," anatero anamwino. "Akafuna kumva zambiri, mubwere nonse kuchipatala."

Mkulu wake anafuna kunena kuti apita ndi iye, koma anadziletsa. Kamphepo anavula magolovesi, natola paketi ija m'bini, naipukuta bwinobwino, n'kutuluka.

Awiriwo anatsala akusuzumira pawindo. Anaona mnyamata uja akukwinya nkhope, akulankhula uku akugwedeza sikuludiraiva m'mwamba. Kamphepo sanasunthe. Analankhula modekha, akuwerengera mfundo pa zala zake zothamanga zija. Patapita nthawi, mnyamatayo anaika sikuludiraiva pansi, nakanda m'mutu, natenga paketiyo n'kuiika m'thumba la malaya.

"Mayo, mutu ukupsa!" anakuwa anamwino. Onse anali ataiwala za mankhwala aja. Mkulu wa Kamphepo anawathamangitsira pabeseni, akuseka misozi ili m'maso.

Kamphepo anabwera akumwetulira. "Poyamba anati ndasintha mawu ngati netiweki. Ndamuuza kuti thupi ndi langa, ndipo ndikufuna tikalambe tonse. Wavomera. Akuti mawa atsegula shopu yake mochedwa, tipite limodzi akayezetse magazi, ine ndikafunse za tsiku langa loyezetsa."

Mkulu wake anamuyang'ana mwana amene ankamubisira mapiritsi m'nthochi kuti ameze. Lero anali atadziyankhulira yekha, popanda womugwira dzanja. Ananyadira kwambiri.

"Wakula, mng'ono wanga," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo, mtsikana aliyense wokhala pampando wa Kamphepo amamva uthenga womwewo: katemera wa HPV ndi wabwino, kabayitseni. Koma kondomu musaitaye, ma ARV musasiye, ndipo nthawi yoyezetsa khomo la chiberekero ikakwana, pitani.