Udzu Pamene Panali Bambo

"Bambo anga mwawafufuta ndinu, malume. Musayang'ane kumbali, ndinu."

Kapensulo anali ataima pakhomo la situdiyo, chikwama chidakali paphewa, chala chikuloza chithunzi chachikulu chomwe amalume ake anali atangochitulutsa m'makina osindikizira. Unali mkuyu wa paphiri uja, woima wokha kuseri kwa thanki ya madzi, kumene nyumba zimathera n'kuyamba tchire. Nthambi zinaoneka bwino, kuwala kwa m'mawa kukudutsa m'masamba. Koma patsinde, pa muzu wopindika ngati chigongono, pomwe bambo ake anakhala tsiku lotola chithunzicho atakumbatira mawondo, panali udzu wokhawokha.

"Masiku ano moni anakwera mtengo eti?" anatero amalumewo, akupukuta galasi la felemu ndi kansalu. "Tseka chitsekocho, fumbi limata pa inki."

"Choyamba chija chili kuti? Chisanakonzedwe chija."

"Wayamba liti ntchito muno, iwe?"

Yankho la funso lake Kapensulo ankalidziwa kale. Ankasesa m'situdiyomo, kudula tizithunzi ta ziphaso, ndi kuwongola makolala a anthu obwera kudzatoledwa. Kagwiridwe ka ntchito ka amalume ake ankakadziwa ngati njira ya kumpopi. Akabwera kutchire ankatsanulira zithunzi mu kompyuta, khadi la kamera n'kulipukuta tsiku lomwelo. Akakonza chithunzi ankasungira pamwamba pa chakale chomwecho. Ati kalipentala wanzeru sasunga zopalapala za thabwa. Ndiye ankachotsa mawaya amagetsi, mapepala ouluka, mbuzi, ngakhale anthu, n'kumatapo udzu wotengedwa pambali. Ogula a m'mahotela ankafuna mitengo basi. Mtengo, ankatero amalumewo, palibe amafunsa kuti ndi wa kwa yani.

Bambo ake a Kapensulo anamwalira mvula ikutha. Anali mlonda wa thanki ija. Chichokereni panyumba, Kapensulo ali wamng'ono, ankakhala m'kachipinda ka malata konko kuphiriko, ndipo masana ankawathera pansi pa mkuyu. Chithunzi chawo panalibe china. Cha pa chiphaso cha kuntchito chinali chitasuluka ndi thukuta la m'thumba, pangotsala mthunzi wa mutu ndi makutu. Ichi cha pamkuyu Kapensulo anangochiona kamodzi, pa kagalasi ka kamera, tsiku lomwe amalume ake anachitola. Sanachipemphe. Ndani amapempha chithunzi cha munthu amene amuonanso Loweruka?

"Munthu mmodzi yekhayo, malume. Mukanachotsa phiri lonse, mukanachotsa mtengowo, koma osati iwo."

Amalumewo anaika kansalu pansi. "Chabwino, mwana wa mlongo wanga, poti ukufuna milandu. Mkuyu umenewu iwe waujambula ndi pensulo kangati? Mapepala adzaza katoni kuseri kwa kauntalaku. Mlamu wanga ali pa pepala liti?"

Mawuwo anamulowa ngati munga wa kuphazi. Loweruka lililonse ankakwera phiri ndi bolodi lake lojambulira, n'kukhala moyang'anana ndi mtengowo. Palibe anamuphunzitsa. Anayamba ndi khungwa, kenako mphanda za nthambi, kenako mipata ya thambo pakati pa masamba, yomwe anazindikira yekha kuti ndiyo imapatsa mtengo mpweya. Bambo ake ankakhala pa muzu paja osayankhula zambiri, nthawi zina n'kuseka: "Mtengowu suthawa, mama. Amene ndikukalamba ndine." Iye ankati nkhope n'zovuta, adzayesa dzanja likakhwima. Akafika pa muzu ankalambalala, n'kusiya pepala loyera.

"Ine sindinawaike chifukwa dzanja langa silinkatha," anatero Kapensulo. "Inu munali nawo kale, mwawachotsa. Musazifananize."

"Sindikufananiza." Amalumewo anatembenuza felemu, n'kuyamba kukhoma timisomali kumbuyo. "Komanso ichi si cha hotela. Anachipempha ndi mayi ako, chapabalaza. Anati, achimwene, mtengo wokha. Ine ndangogwira ntchito."

Kapensulo anatuluka osatseka chitseko.

Sanapite kunyumba. Anadutsa pamalo okwerera mabasi, n'kudutsa magalaja ndi mulu wa matayala otha, mpaka phula linatha. Dzuwa linali pamutu pamene ankafika paphiri. Mlonda watsopano anamuyang'ana ali patali, n'kubwerera ku wailesi yake. Kachipinda ka malata kanali ndi loko wina.

Mkuyu unali momwemo. Nkhuyu zakupsa zinali mbwee pansi, mbalame zikukangana kumwamba. Pa muzu paja khungwa linali losalala, lonyezimira pang'ono, mmene limakhalira thabwa la benchi lokhalidwa zaka zambiri. Anakhala pamalo pake pa masiku onse, natulutsa pepala, ndipo ulendo uno anayambira pamene ankalambalala.

Mawondo anabwera. Nsapato zazikulu zosamanga zingwe zinabwera, jekete la ulonda lopindidwa m'manja, ngakhale kapindikidwe ka msana. Atafika pakhosi, pensulo inaima. Anajambula mutu, unatuluka wa munthu wogulitsa manyuzipepala pakona. Anafufuta. Anajambulanso, unatuluka wa amalume ake. Anafufuta mpaka pepala linayamba kunyenyeka. Nthambi iliyonse ya mtengowo akanaijambula atatsinzina, ndi pomwe inathyokera ndi pomwe inaphukiranso. Koma munthu amene ankakhala patsogolo pake Loweruka ndi Loweruka, sankadziwa ngati chipsera chake chinali pa nsidze ya kumanja kapena ya kumanzere. Paphiripo panalibe woti amufunse. Mphepo inkangogwedeza udzu.

Atafika kunyumba anapeza chithunzi chija chitafika kale, chitatsamira kumpando. Mayi ake anali atakwera pa kasitulu, msomali kukamwa, akuyeza khoma ndi chikhatho.

"Wabwera bwino. Tandigwirira apa, undiuze ngati chapendekeka."

"Amayi, munawauza ndinu amalume?"

Mayiwo anachotsa msomali kukamwa. Sanatsike. "Pamtengo umenewu ndi pamene bambo ako anandifunsira. Ndinali ndi diresi lobwereka, iwo ali ndi mano onse ndi nthabwala zawo. Amenewo ndiye ndimafuna ndiziwakumbuka ndikakhala pano. Osati aja anatisiya n'kukakhala pa muzu ngati kadzidzi."

"Inu munawaona onse awiri. Ine ndinali ndi a pamuzuwo basi."

"Usandikweze mawu m'nyumba mwanga."

"Sindikukweza." Koma ankakweza, ndipo mayi woyandikana nawo anali atasiya kuchapa. Kapensulo anatsegula chikwama, nayala pepala lija patebulo: thupi lathunthu pansi pa mkuyu, pamwamba pa kolala pali dzenje lotuwa. Anaika pensulo pambali pake. "Chithunzi mwatenga, khalani nacho, chikhomeni. Koma nkhope yatsala m'mutu mwanu mokha, ndipo simuisunga nokha. Tiyambire pa chipsera. Chinali mbali iti?"

Mayi ake anatembenukira kukhoma, nalozetsa msomali, nayamba kufunafuna hamala ndi dzanja linalo. Hamalayo inali m'manja mwa Kapensulo, ataitola kale patebulo.

"Simukhoma kanthu musanandiuze. Kumanja kapena kumanzere? Yankhani, amayi."