Mfundo ya Ukonde

Ana a Yunike anabadwa masana, m'nyengo imene madzi a nyanja ya Chiuta amabwerera kutali n'kusiya matope ong'ambika. Anali atsikana awiri, ofanana ngati munthu ndi chithunzi chake m'madzi: mphuno imodzimodzi, kadzenje pachibwano, tsitsi lopotana mbali imodzi. Azamba atawagoneka pamphasa anaseka, n'kunena kuti akangotembenuka kukatenga madzi sadziwanso amene anayamba kutuluka.

Koma m'nyumbamo munali munthu amene sakanalola kuti zimenezo ziiwalike. Hamida, mnjira wa Yunike, mnzake wa pamtima wolumbirirana naye, anasolola ulusi wobiriwira wa ukonde pa mfundo ya chitenje chake cha kapulana, anaudula ndi mano, n'kuumanga pamkono wa mwana woyamba. Zala zake zinazolowera kusoka maukonde a mwamuna wake Khalidi, ndipo mfundo inatuluka yaing'ono ngati njere ya mapira, yogona bwino pakhungu. Anaipsompsona asanamuike mwanayo pansi.

Mwana wa ulusiyo anali wake, ndipo mudzi wonse unkadziwa chifukwa chake.

Nthawi ya nkhondo, tsiku limene anthu a mfuti anawotcha mudzi, bwato la Khalidi linali litadzaza kale pamene Yunike, akadali namwali wopanda aliyense, anafika pagombe akuthamanga. Khalidi anakana kumukweza. Hamida anaumirira. Ali pakati pa mabango bwato linapendekeka, ndipo Hamida, mwana ali kumsana, anagwira Yunike tsitsi n'kumukoka mpaka mapazi awo anagunda pansi. Ataimirira anapeza kapulana wa kumsana ali wopepuka. Anafufuza m'mabangomo mpaka dzuwa kupendeka, osapeza kanthu. Ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, Yunike anagwada pamaso pa amayi onse n'kulumbira kuti mwana wake woyamba adzakhala wa Hamida. Anapatsana mikanda, anayamba kuitanana kuti anjira, ndipo ngakhale wina anali wa ku tchalitchi wina wa ku mzikiti, ankadyera mbale imodzi.

Lonjezo la namwali ndi lopepuka ngati nthenga. Yunike analinyamula osalimva pamene ankakondana ndi Tobiasi pamzere wa pamjigo, komanso pamene mtendere unabwera ndipo lole ya kamiyawo inawatsitsa onse pafupi ndi mabwinja a mudzi wawo. Linayamba kulemera mimba itakula. Kenaka Hamida naye anabereka mwana amene sanakhalitse, ndipo ku chipatala cha ku vila, tauni yapafupi, anamuuza kuti sadzaberekanso. Anabwerera ndi manja opanda kanthu, mkaka ukunyowetsa malaya. Motero panalibenso zodikira kuti mwana asiye bere. Anagwirizana kuti mchombo ukagwa, Yunike akatuluka m'chikuta, Hamida atenga wakeyo n'kupita naye ku nyanja ya Amaramba, kumene Khalidi ankasamukira kutsatira nsomba.

Tobiasi sankaloledwa kulowa m'chikuta. Ankaima kuseri kwa chitseko cha bango n'kumasuzumira pa mpata, akuseka ngati woledzera. Ankati Mulungu ndi wodziwa kugawa, wapereka wina wa lonjezo wina wa pakhomo, ndipo popeza nkhope ndi imodzi, akamayang'ana wotsalayo adzakhala akuona onse awiri.

"Amake mapasa, ndionetseni wathu," ankatero. "Ayi, osati wa ulusiyo. Ameneyo ndi mlendo, asandizolowere."

Yunike ankaseka nawo. Koma iye anali atayamba kale kuwasiyanitsa, osati ndi maso koma ndi bere. Wa ulusi ankayamwa ngati wakwiya, mpaka kumva kukoka kumsana, ndipo akakhuta ankatsegula maso n'kumuyang'ana molunjika, dzanja litagwira chala cha amake. Winayo ankangonyambita pang'ono n'kugona, mkaka ukutsikira m'khosi mwake. Kulira kwake kunali kwa kamwana ka mphaka. Atatseka maso, Yunike akanadziwa amene wamunyamula.

Tsiku lina m'mawa anamva azamba akunong'oneza mayi wina panja kuti wachiwiriyu sakumudalira, mwina sadzaona mvula.

Mawu amenewo anamukhala m'mutu tsiku lonse. Anaona Hamida akuchoka ndi mwana wamphamvu, iye akutsala ndi kamanda kakang'ono ndi mabere odzaza. Anaganizanso mbali inayo, ndipo anachita mantha ndi mmene ganizolo linabwerera mosavuta. Ngati wofookayo ndi wopita kale, ndi bwino apitire kwina. Lonjezo lidzakhala litakwaniritsidwa. Palibe amene angabwere kudzafunsa mwana kawiri.

M'mawa mwake anthu onse atapita ku madimba, m'nyumba mutangotsala kuwala kolowera m'mipata ya udzu, Yunike anatenga singano. Mfundo ya Hamida inali yokanika. Akaikoka inkalimba. Anaitokosa pang'onopang'ono, thukuta likudontha pamimba pa mwana, khutu lili kunja. Nkhuku itakanda pachitseko anatsala pang'ono kudzibaya. Potsiriza ulusi unamasuka. Anaukulunga pamkono woonda wa wachiwiri, n'kumanga kawiri monga amamangira kukamwa kwa thumba la chimanga, ndipo nsonga zotsala anazidula ndi lezala. Kenaka anasinthanitsa malo amene ana ankagona.

Madzulo Tobiasi anasuzumira, analoza mwana wopanda ulusi n'kunena kuti wathuyu wayamba kunenepa, waona kuti bambo ake ndi munthu wa khasu.

Tsiku lotuluka m'chikuta Hamida anabwera atavala kapulana watsopano, Khalidi akukankha njinga kumbuyo kwake. Amayi anasonkhana pabwalo. Yunike anatulutsa mwana wa ulusi n'kumupereka ndi manja awiri, maso ali pansi. Hamida anamulandira, anamuyeza kulemera m'manja mwake, kenaka anagwira kamkono kaja. Chala chake chachikulu chinaima pa mfundo. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali, chikuisisita. Hamida atadzutsa mutu anayang'ana mwana winayo, amene ankaponda mpweya ndi miyendo yonenepa m'manja mwa Tobiasi, kenaka anayang'ana Yunike.

"Dzina lake ndi Nafisa," anatero. Anamuika kumsana, anamanga kapulana mfundo ziwiri, anakwera njinga osatembenuka.

Wotsalayo Tobiasi anamutcha Conceição, dzina la amayi ake amene anawasiya m'manda ku msasa. Anakula ngati dzungu la pachulu. Anakwawa msanga, anayamba kuyenda atagwira mchira wa mbuzi, ndipo ankaseka ndi thupi lonse. Yunike ankamukonda ndi chikondi chokhala ndi mantha mkati, ngati cha munthu wovala mkanda wakuba. Belu la njinga likalira pamsewu ankasiya chimene akugwira, poganiza kuti ndi ogula nsomba ochokera ku Amaramba abwera ndi uthenga wa maliro. Ankaudikira uthengawo, ndipo ankadzida chifukwa choudikira. Koma ogula nsomba ankangoti mwana wa Hamida alipo, ndi woonda koma alipo. Ulendo wina anati wayamba kukhala pansi. Ulendo wina anati akuyenda.

Mvula yachiwiri inabwera ndi udzudzu wambiri. Conceição anatentha thupi masana akusewera, ndipo pofika m'mawa maso anali atatembenuka. Msewu wa ku vila unali utasanduka mtsinje. Tobiasi anakankha njinga m'matope ofika m'mawondo, Yunike ali pambuyo ndi mwana kumsana, akumuimbira nyimbo imene ankaikonda. Asanafike pa mlatho anazindikira kuti akuimbira munthu amene sakumva.

Tobiasi anasema mtanda wa mlombwa n'kulembapo dzina ndi msomali wotentha. Anthu obwera kudzapepesa ankati azamba ananena kale kuti wachiwiriyu sadzakhalitsa, ndipo n'zodabwitsa kuti anafika pamenepa. Yunike ankangogwedeza mutu.

Madzi ataphwa anauza mwamuna wake kuti akufuna kukaona anjira ake. Anakwera kumbuyo kwa njinga ya wogula nsomba, pamwamba pa dengu lopanda kanthu, ndipo njira yonse ankakonza mawu m'kamwa.

Anapeza Hamida pansi pa mtengo wa mango, ukonde utakoledwa ku chala cha kuphazi, akusoka. Pafupi naye kamtsikana kankathamangitsa anapiye. Katatembenuka, Yunike anaona nkhope yake. Anali Conceição, mphuno yake, kadzenje kake pachibwano, atangoonda pang'ono ngati wabwera ku ulendo wautali. Pamkono pake panali ulusi wobiriwira, watsopano, womangidwa kawiri ngati kukamwa kwa thumba.

Hamida anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi, anapepesa za maliro monga mwa mwambo. Anati uthenga unafika mochedwa, njira zitatsekeka. Anafunsa za Tobiasi ndi za chimanga. Zonsezi ankalankhula manja akusoka, ndipo mwana uja anabwera kudzabisala kumbuyo kwake, akusuzumira mlendo ndi diso limodzi.

"Anjira," anatero Yunike potsiriza, mawu onse amene anakonza atathawa. "Panalakwika kanthu m'chikuta muja. Uyu si woyamba."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji?"

Hamida anakweza ukonde n'kumuonetsa mfundo imene anali atangomanga kumene, yaing'ono, yogona. Kenaka anakoka kamkono ka mwana n'kukaika pambali pake.

"Ine ndimange chonchi? Nsomba zonse za mu Amaramba zingandiseke. Ndinadziwa ndisanakwere njinga."

Yunike anafunsa chifukwa chake sananene tsiku lomwelo, pamaso pa anthu. Hamida anayankha kuti anaganiza zonena. Anati anayang'ana mwana wonenepa uja, ndipo anadziwa kuti akangotsegula pakamwa amupatsa. Koma kanthu kamene kanali m'manja mwake kanali kopepuka ngati kapulana wa tsiku lija m'mabango, ndipo anaona kuti amake akataya kale. Akakasiya, katsala ndi munthu amene akudikira kuti kafe. Anati miyezi yoyamba kankakana bere, ndipo ankafinyira mkaka m'supuni n'kumadontheza pa lilime, kakamusanzira, iye n'kuyambanso. Khalidi anafika pofunsa ngati akonzeretu nsalu yoyera. Ulusi ukathina ankadula n'kuika wina, ndipo nthawi zonse ankamanga mfundo ya Yunike, kuti asaiwale.

"Munandipatsa maliro, anjira," anatero mosakweza mawu. "Ndinataya awiri, inu munati ndiike wachitatu."

Yunike analira, anagwira mapazi a Hamida. Ananena kuti anali mwana, anali ndi mantha, mutu sunkagwira. Kenaka ananena chimene anabwerera: lumbiro linali la mwana woyamba, ndipo woyamba ndi amene wagona pansi pa mtanda. Uyu ndi wachiwiri, sanalonjezedwe kwa munthu.

Manja a Hamida anaima koyamba.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti wanga ndi wakufayo."

Yunike anasiya mapazi a Hamida.

Hamida anati apite akanene zimenezo kwa Tobiasi, kwa azamba, kwa aliyense amene angafune. Mudzi wonse unaona iye akumanga ulusi pa mwana woyamba, ndipo mudzi wonse unaona Yunike akupereka mwana wa ulusi ndi manja ake awiri. Azamba ananena kuti wachiwiri adzafa, ndipo wafa. Adzati chisoni chamusokoneza mutu, ndipo adzamumvera chifundo. Odziwa za mfundoyo ndi awiri okha, ndipo mmodzi sadzatsegula pakamwa.

"Munagwira ntchito yabwino," anatero. "Palibe amene angaimasule."

Mwana uja anali atatopa ndi kubisala. Anayandikira Yunike, anagwira mkanda wa m'khosi mwake, umene Hamida anamupatsa ku msasa, n'kuukoka kuti auone bwino. Fungo la mutu wake linali lomwelo. Yunike anatambasula manja pang'onopang'ono ngati wofuna kugwira mbalame, koma mwanayo anabwerera m'mbuyo, anakwera pamiyendo ya Hamida n'kufunsa kuti amama, amenewa akulira chiyani.

Hamida anamuuza kuti ndi azakhali, adwala maso. Kenaka anatenga kampeni kosokera ukonde, analowetsa nsonga yake pansi pa ulusi wa pamkono n'kudula. Anauika m'dzanja la Yunike, mfundo ikadali yomangika, n'kumupinda zala.

"Tengani. Sakufunikanso chizindikiro. Palibe womusokoneza naye."

Wogula nsomba anabwerera dengu litadzaza, choncho Yunike anayenda pansi mbali yaikulu ya njira. Anafika dzuwa likadalipo, anapeza Tobiasi akukonza mpini pakhonde. Mwamunayo anadzuka msanga, anamulandira kathumba, n'kufunsa ngati mwana wa ulusi uja akukula, ngati akadafanana ndi wathu, ngati tsiku lina angapite naye kuti akangoona nkhopeyo kamodzi.

Yunike anati akukula. Anati safanana kwenikweni, ndipo njira ndi yoipa. Analowa m'nyumba dzanja lili chofumbata.